Chigafa cha Apongozi

Apongozi anga aamuna, a Mtonga, anafika kwathu ku Lundazi Boma mu Ogasiti atanyamula chikwama cha zovala, kampando kamtengo kosalala ndi ukalamba, ndi nkhuku yathadzi yamawangamawanga imene anaifungatira m'minibasi ulendo wonse kuchokera kumudzi kwawo kwa Magodi. Anali atagwa m'khola la ng'ombe magazi atathamanga, ndipo kuchipatala ananena mosapita m'mbali kuti munthuyu asakhalenso yekha, mapiritsi azimwa tsiku ndi tsiku. Ndiye mwamuna wanga Conrad anakawatenga.

Nkhukuyo ndinaiyang'ana ndi diso la ndiwo, ndisaname. Koma Conrad atangotchula mpeni, a Mtonga anati, "Iyo yayi." Basi nkhuku inakhala, n'kumadya mtedza wanga ngati inalima nawo.

Ine Faides ndine Mchewa wa kwa Mwase, ndipo ulemu wa apongozi tinayamwira. Koma kwawo kwa Conrad ulemuwo ndi wa mano. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sakhala pamthunzi umodzi ndi apongozi aamuna, ndipo salankhulana nawo maso ndi maso mpaka atamumasula pomupatsa kanthu. Wopereka kanthuko amakhala apongozi aakazi. Anga anamwalira chaka chomwe tinakwatirana, ife n'kusamukira ku Kabwe, zaka khumi ndi ziwiri n'kudutsa, mpaka tinabwerera kuno ku Lundazi nkhaniyo ili chigonere. Kuzembana masiku awiri pokacheza kumudzi n'kosavuta. Kukhala mpanda umodzi ndi nkhani ina.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo umodzi wokha wa gwafa, mthunzi wake wokwana mphasa imodzi. Ine ntchito yanga ndi chiponde chogulitsa, ndiye tsiku lonse limathera posankha mtedza panja. Ndikatuluka ndi lichero, a Mtonga ankanyamula kampando kawo mwakachetechete n'kukakhala padzuwa pafupi ndi mpanda, chipewa chili pamphuno. Ine ndikaona zimenezo ndinkachita manyazi n'kubwerera m'nyumba, m'menemo malata akuwotcha ngati uvuni wa mabanzi. Iwo akaona kuti ndalowa, ankakhalabe padzuwa podikira kuti mwina nditulukanso. Mapeto ake, pamthunzi pankagona nkhuku ija yokha, mapiko ali tambalale.

Okutobala atafika, dzuwa linachita kuipa. Tsiku lina masana a Mtonga anaitana Conrad, n'kulankhula mokweza dala kuti ine kukhitchini ndimve.

"Mvula yoyamba ikagwa, nibwelela kukaya kwa Magodi. Nasautsa mwana wa eni. Nyumba ni yake, koma apsela mkati chifukwa cha ine."

Kwa Magodi kunalibe wowakumbutsa mapiritsi, ndipo akanagwanso m'khola muja akanawapeza ndi ana obusa dzuwa litapendeka. Komanso mkuluyu ndinkamukonda. Sanandilankhulepo, koma malichero anga onse ong'ambika ndinkawapeza pakhomo m'mawa atasokedwa bwinobwino. Munthu wotero sumulola kuti apite.

Conrad amagulitsa mbewu ndi feteleza mushopu ina pa Boma, ndipo ndi munthu wabwino kwabasi. Vuto lake n'loti ukamuuza kuti denga likudontha, iye amakagula beseni lalikulu.

"Pulobulemu ni sheidi chabe, amake Towela," anatero akundionetsa zithunzi pafoni. "Onani madizaini aya. Iyi ni pegola. Iyi ni ya tenti. Adada afunika chinthu cha sitandadi."

Anayamba ndi ambulera yaikulu yamawanga ofiira, ija amaika pamalo omwera zoziziritsa kukhosi. Anaizika pafupi ndi mpanda pomwe a Mtonga ankathawira. Inagwira ntchito masiku atatu. Tsiku lachinayi kunabwera kamvuluvulu, ambulera n'kuuluka kukatera m'dimba la rapu la oyandikana nawo, mwini dimba n'kutibwezera ili yothyoka nthiti, mawu ake ali pamwamba.

Kenako anaitanitsa neti yobiriwira kuchokera ku Chipata, ija amaphimbira nazale. Anaimanga pamapaipi kuchokera pakhoma mpaka kuphatikiza mtengo wa gwafa, bwalo lonse n'kusanduka lobiriwira ngati tili pansi pa madzi. Conrad anaima chapatali manja ali m'chiuno, akumwetulira ngati wamanga tchalitchi. Mawa lake ndinatuluka ndi lichero. A Mtonga ananyamula kampando, n'kuyamba kufunafuna dzuwa. Popeza neti inali itadya bwalo lonse, anakalipeza kunja kwa geti, m'mbali mwa msewu, njinga zikuwathira fumbi.

"Kapena netiyi niyochepa," anatero Conrad madzulo ake. "Tiike ya malata, yaikulu maningi."

Apa ndiye ndinalephera kuugwira mtima.

"Atate ake Towela, olo mumange mthunzi waukulu monga glaundi ya bola, ukhala umodzi chabe. Adada sathawa dzuwa. Athawa ine."

Anakanda m'mutu. "So timange iwili. Wanu kuno, wao ku geti."

"Nanga akagwa ku geti, ine nizamva bwanji nili kuno? Nifuna akatsokomola nizimva."

Conrad anayang'ana pafoni paja nthawi yaitali. M'zithunzi zonse zija munalibe mthunzi wa munthu amene akufuna kukhala pafupi ndi apongozi ake popanda kukhala nawo.

Yankho linabwera pa njinga. Mtedza wanga amandibweretsera ndi Saimoni, bambo wa ku Kasungu amene amagwira ntchito pafamu ina ya fodya kwa Mwase. Atatsitsa matumba anayang'ana neti ija, anayang'ananso mkulu ali kumsewu, n'kufunsa kuti kwagwanji. Ndinamufotokozera zonse.

"Mayi, izi n'zosavuta," anatero. "Ine moyo wanga wonse ndamanga zigafa zoyanikamo fodya. Chigafa chimakhala chachitali, chopanda makoma, mphepo imangodutsa. Pakati tidzaika mpanda wa bango. Inu uku, madala uko."

Conrad anakwinya nkhope. "Chigafa? Pa Boma? Anthu azakamba kuti tayamba kulima fodya kuseli kwa nyumba."

"Azikamba," ndinatero ine. "Pakamwa ni pao."

Neti tinaipatsa mwini dimba uja, mkwiyo wake n'kuthera pomwepo. Loweruka Saimoni anabwera pa ngolo ndi mitengo ya bulugamu, luzi, bango ndi mitolo ya udzu. Chimene sitinayembekezere n'choti a Mtonga anadzuka ngati wawathira madzi ozizira. Anasiya kampando, n'kumazungulira ndi ndodo, akugogoda mzati uliwonse.

"Dzenje ili nilosaya, iwe wa ku Malawi. Chiswe chizaseka."

"Madala, ndamanga zigafa zoposa zaka zanu."

"Ndiye chifukwa fodya wanu anunkha nkhungu."

Anakangana masiku anayi, onse awiri akusangalala. A Mtonga anawaula okha matsinde a mizati pamoto kuti chiswe chisadye, ndipo nthawi yonseyo mapiritsi ankamwa osakumbutsidwa. Udzu utafoleredwa, mpanda wa bango utaima pakati, pansi pake panali pozizira ngati m'mphika wa madzi. Ndinayala mphasa mbali yanga.

A Mtonga anaima kunja, anayang'ana m'mwamba, n'kuloza ndi ndodo.

"Muwauze a NyaBanda kuti nchito niyabwino," anauza Saimoni, poti ine ndine wa kwa Banda. "Koma denga ni limodzi."

Ndinafuna kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Conrad anakhala pansi pathumba la mtedza n'kugwira mutu. Saimoni yekha ndiye sanatekeseke. Anakwera pamwamba ndi chikwanje, anadula udzu ndi timitengo tapakati, n'kusiya mpata wokwana chikhato kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, pamwamba penipeni pa mpanda wa bango. Kamzere ka dzuwa kanagwera pabangopo.

"Nanga pano, madala? Madenga angati?"

A Mtonga anaponya kamwala m'mwamba, kanadutsa pampatapo n'kugwera kuseri. Anagwedeza mutu.

"Awili."

Anakatenga kampando kawo n'kukhala.

Masabata atatu otsatira anali okoma kuposa onse amene ndakhala m'nyumba imeneyi. Ine uku ndikusankha mtedza, iwo uko akusoka malichero, pakati pathu bango lokha. Akatsokomola ndinkamva. Akasinza ndinkamva mkonono. Ndipo popeza kulankhulana kunali koletsedwa, tinapeza mkhalapakati. Nkhuku ija inkadutsa pansi pa mpanda, uku ndi uko, posaka mtedza wogwa.

"Iwe nkhuku," ankatero a Mtonga, "kodi tiyi pa nyumba ino anamuletsa?"

"Iwe nkhuku," ndinkayankha ine, "tiyi abwela munthu akamwa mapilitsi."

"Nkhuku iwe, uli na nkhanza monga nesi."

Kudzera mwa nkhukuyo ndinamva mayina a ng'ombe zawo zonse, za njala ya kale, ndi za mmene Conrad ali mwana anathawira mbuzi n'kukwera pankhokwe. Koma za ulendo wa kwa Magodi sanazitchule, ndipo chikwama chawo chinali chikhalire pafupi ndi chitseko, chomangamanga. Mitambo ikayamba kusonkhana chakum'mawa, ine ndinkangoyang'ana chikwamacho.

Mvula yoyamba inagwa Lachitatu lina mu Novembala, cha m'ma thuu koloko masana, Conrad ali kushopu. Inabwera ndi fungo lake la fumbi, kenako n'kukhuthuka. Udzu wa Saimoni sunadonthe ngakhale pang'ono. Koma mpata uja! Madzi a madenga onse awiri anatsikira pamenepo ngati mathithi, n'kumathovukira mbali zonse. Ndinakoka matumba a mtedza ndikukuwa, ndipo kuseri kwa bango ndinamva kampando kakugwa ndi mkulu akudandaula m'Chitumbuka za bulangete lake.

Mvula inachepa. Ndinakhala pathumba, chitenje chili chonyowa, ndikudikira kumva mapazi akupita kukatenga chikwama. Ndinafuna kuuza nkhuku kuti iwapemphe asapite, koma nkhukuyo sinaoneke, ndipo popanda iyo ndinalibe pakamwa.

Kenako pansi pa bango panachita phokoso. Panatulukira nkhuku ija, yonyowa, miyendo itamangidwa ndi luzi, ikukankhidwa ndi manja awiri okalamba. Manjawo anaisiya pamphasa panga n'kubwerera. Ndinamva kuwomba m'manja katatu, pang'onopang'ono.

"Mkamwana."

Sanati nkhuku. Anati mkamwana. Ndinagwada pamatope pomwepo.

"Adada."

"Nkhuku iyi niyanu. Inali yanu kucokela tsiku lija ninakwela nayo minibasi. Amene anafunika kukupatsani ni amama anu, amake Conrad, lomba kulibe. Miyezi itatu nakhala nifunafuna munthu wopeleka, osamupeza. Lelo naona kuti nikapitiliza kufuna, tonse tifa na chibayo."

Ndinaseka misozi ikutsika, mamina ndi mvula zonse pamodzi. A Mtonga anazungulira mpanda uja, ndodo ili m'manja, bulangete lonyowa lili paphewa, n'kuima kutsogolo kwanga. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinkadziwa msana wawo ndi chipewa chawo. Tsiku limenelo ndinaona kuti ali ndi maso a mwana wanga Towela, ndendende.

"Muli uli, mkamwana?"

"Nili makola, adada. Kwali imwe?"

"Nanyowa," anatero. "Muitane wa ku Malawi uja azatseke chibowo chake. Na chikwama chija munichotsele pakhomo, chinipunthwitsa."

Conrad atabwera madzulo anatipeza titakhala mbali imodzi, tikumwa tiyi, tikukangana ngati mtedza wa chalimbana umaposa wofiira. Anaima pageti kukamwa kuli yasa. Kenako anaona nkhuku ili chimangire pamphasa, nkhope yake n'kuwala.

"So lelo tidya nkhuku?"

"Iyo yayi," tinayankha tonse awiri.

Saimoni anabwera Loweruka n'kulumikiza denga, akung'ung'udza kuti anthu a ku Zambia sadziwa chimene akufuna. Mpanda wa bango sitinaugwetse. Tinangousunthira kumapeto kuti uzitchinga mphepo, ndipo kuseri kwake nkhuku yanga ikufungatira mazira asanu ndi anayi.