Dzino Lachisanu

Atabwerako kutchalitchi Lamulungu lija, a m'banja la a Bester Matewere anakhala patebulo m'nyumba yawo ya ku Hamilton, m'dziko la Canada, kufupi ndi mafakitale a zitsulo. Panali mpunga ndi nkhuku, koma m'mbale ya mwana wawo Yotamu munali mbatata yophwanyaphwanya basi. Mlomo wake wam'mwamba unali wosokedwa ndi ulusi wakuda, ndipo supuni ankailowetsa cha kumbali, pang'onopang'ono.

A Matewere anali asanatseke pakamwa chichokereni kutchalitchi. Dzulo lake madzulo, mwana wawoyu anaoneka pa wailesi yakanema akusewera hoke mu ligi yaikulu, masewera aja othamangitsana pa ayezi ndi ndodo. Zaka zisanu Yotamu anali akungozungulira m'matimu ang'onoang'ono a ku Amerika, kugona m'mabasi. Tsono m'mwezi uwu wa Febuluwale 1977, timu yaikulu imene inamulemba kalekale inamukumbukira, n'kumuitana kuti adzasewere nawo ku Toronto. Bambo ake anaitana anzawo a ku Malawi ndi a ku Zambia okhala ku North York ndi ku Oakville kuti adzaonere nawo kunyumba kwawo, mpaka ena anakhala pansi posowa mipando.

Zimene anaonerazo zinali zazifupi. Yotamu analowa m'bwalo masewera ali pakati. Kampira kakuda kamene amakamenya ndi ndodozo sanakakhudze n'komwe. Anangolunjika kwa chimzungu china chachitali cha timu inayo, onse awiri n'kutaya ndodo, n'kuyamba kusinthana zibakera. Atawaleretsa, Yotamu anatuluka atagwira pakamwa, ndipo sanalowenso. M'mawa mwake kochi anaimba foni: Lolemba akwere basi, abwerere kutimu yake yaing'ono.

"Koma dzina anatchula," anatero a Matewere akunyema nkhuku. "Canada yense anamva dzina la Matewere."

Mlongo wake wa Yotamu, Naomi, amene ankaphunzira unamwino, anayankha osadzutsa mutu. "Anati Metiwiya, adadi. Ine ndinayesa akunena wina."

A Matewere anachita ngati sanamve. Anayamba nkhani yawo yakale ija, ya kalata imene analembera achemwali awo ku Chiradzulu yonena kuti Yotamu amugulira masiketi, kutanthauza nsapato zotsetserekera pa ayezi. Achemwaliwo anayankha mokwiya kuti Ulaya wawapengetsa, mwana wamwamuna angavale bwanji siketi. Masiku onse nkhaniyi inkagwetsa anthu ndi phwete. Tsiku limeneli anaseka okha.

Mkazi wawo, a Zelipa, ananyamuka mwakachetechete kupita kuchipinda. Pobwera anali ndi kabotolo kakale ka mafuta odzola. Anasuntha mbale, n'kukhuthula zimene zinali m'katimo pansalu ya patebulo. Anali mano anayi.

Onse ankawadziwa manowo. Yotamu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, asanachoke ku Chiradzulu, dzino lake loyamba litagweruka, amayi ake anamunyamula kuti aliponye padenga, apemphe khwangwala atenge lakalelo abweretse latsopano. Ndipo linameradi. Choncho atayamba kusewera kutali, dzino likachoka ankalikulunga m'kapepala, n'kulitumiza m'kalata ndi mawu oseka akuti, amayi, ponyani padenga. Amayi akewo sanaponyepo ndi limodzi lomwe.

"Ladzulo lili kuti?" anafunsa a Zelipa.

"M'thumba la jekete. Wosesa pa ayezi analitola."

"Khwangwala wa kuno amangotenga, sabweza. Bambo a Yotamu, werengani. Inu mumawerenga za m'nyuzi, lero werengani izi."

A Matewere anati mano oikirira alipo, madokotala a kuno ndi akatswiri, ndipo palibe wosewera hoke amene ali ndi mano onse. Anati chofunika n'chakuti khomo latseguka; amene wakuitana kamodzi adzakuitananso.

Apa Yotamu anaika supuni pansi. Chichewa chake chinali cholemera pang'ono, cha munthu amene anachoka kwawo ali wamng'ono, ndipo mawu ankatulukira pampata wa manowo ngati mluzu. Anafotokoza zimene sanalembepo m'kalata. Ali mnyamata kuno ku Hamilton, ankagoletsa kuposa anzake onse. Zikho zake zinali pomwepo pamwamba pa kabati. Koma chaka choyamba ku Amerika, m'katawuni kena, anthu oonera ankamukuwiza ngati aona nyani m'munda, ndipo wosewera wina anamunong'oneza mawu omwewo oti nyani pafupi ndi khutu. Yotamu anamugwetsa ndi chibakera chimodzi. Anayesa kuti kochi amukalipira. M'malo mwake kochiyo anamusisita paphewa. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yake inasintha.

"Dzana kochi wa timu yaikuluyi anandiuza poyera," anatero Yotamu. "Ogoletsa ali nawo okwanira. Anandiitanira chimunthu chija basi, chifukwa chinavulaza mnyamata wawo mwezi watha. Ine ndine galu wa pakhomo, bambo. Amandimasula pakabwera mlendo, akachoka amandimangiriranso."

Kunja kunkamveka fosholo ya mnansi wawo akukokola chipale chofewa pakhomo.

"Anzanu aja a Joseph amati kufakitale kwawo akulemba anthu mwezi wamawa," anapitiriza Yotamu. "Ine sukulu ndinasiyira panjira chifukwa cha masewerawa, ndipo munavomereza ndinu. Ndiye ndabwera kwa inu nomwe. Mukanena mawu amodzi, kuti siya, basi ya mawa ipita yokha."

Aliyense anayang'ana a Matewere. Iwo anayang'ana zikho zija.

Bambowa anabwera ku Canada mu 1962 kudzaphunzira udokotala. Kwawo zinthu zitasokonekera, thandizo la sukulu linaima, njira yobwerera n'kutsekeka. Zaka zonsezi anali akutsuka timabotolo topimira magazi m'chipinda chapansi pachipatala. Sabata imeneyo, mbiri itamveka yoti mwana wawo akasewera ku Toronto, dokotala wamkulu amene anali asanawapatsepo moni anatsika masitepe kudzawagwira chanza. A Matewere anabwera kunyumba tsiku limenelo akuyenda ngati mnyamata. Ndipo kutchalitchi m'mawa uja abusa anawaimiritsa, anthu n'kuwaombera m'manja.

"Mwana wanga," anayamba motsitsa mawu, "kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka zisanu wapirira, ufuna utaye pamene wagwira chitseko? Mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Mutu wake ndi uno ndinabereka ine," anatero a Zelipa. "Nkhonya zikugwa pa iye, inu mukulandira moni."

"Amake Yotamu, pali ana pano."

"Palibe mwana pano. Pali munthu wamkulu amene akudya mbatata yophwanya ngati agogo aja ndimawadyetsa kuntchito, kunyumba yosungira okalamba. Iwo aja mano anawathera ndi zaka. Uyu ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu."

Naomi anayankhula m'Chingerezi, mofulumira, za zimene anaphunzira zokhudza anthu omenyedwa m'mutu kawirikawiri, mmene amayambira kuiwala ndi kunjenjemera asanakalambe. Bambo ake anamudula kuti akafuna kuwalangiza awalangize m'chiyankhulo chawo. Mtsikanayo anayesa, mawu anamuthawa, ndipo anangotola mbale yake n'kupita kukhitchini.

Yotamu anali akudikirabe. Sanachotse maso pa bambo ake.

"Wakula," anatero a Matewere pomaliza, akupukuta m'manja. "Ine sindingakusankhire. Usankhe wekha."

Yotamu anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera. Anathokoza chakudya, n'kukwera kuchipinda kukalongedza. A Zelipa anatola mano aja limodzilimodzi kubwezera m'kabotolo. Madzulo onsewo sanayankhulenso ndi amuna awo, kupatula kuwauza kuti tiyi ali pachitofu.

Lolemba kunacha ndi chisanu choluma makutu. A Matewere atatsika atavala kale zakuntchito, anapeza Yotamu atakhala pamasitepe pafupi ndi chitseko, chikwama chake chachikulu ndi ndodo ziwiri zili pambali. Anali atawerama, akulimbana ndi zingwe za nsapato. Zala zake zinali zitatupa ngati chinangwa chophika, ndipo zinkakana kupindika. Akagwira chingwe chinkapulumuka.

Bambo ake anaima kanthawi akuonerera. Kenaka anagwada.

Umu ndi mmene ankachitira kale, Yotamu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pabwalo la ayezi la m'paki ya kuseri kwa sukulu. Ankagwada m'chipale, atavula magolovesi, n'kumamanga masiketi ogula pakaunjika mpaka zala kuuma, azibambo achizungu akuwayang'ana. Tsopano anaona manja a mwana wawoyo pafupi, kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri: mfundo za zala zokhota, zipsera zakale pansi pa mabala atsopano. Anamanga nsapato yoyamba. Pa yachiwiri anachedwa kwambiri, anamasula, n'kuyambiranso.

Yotamu sanasunthe. Ankayang'ana imvi za pamutu pa bambo ake, akudikira mawu amodzi aja.

A Matewere anatsegula pakamwa.

"Sindinathinitse?"

"Ayi, bambo. Zili bwino."

"Tiye, basi ingakusiye."

Ananyamula chikwama chija okha, ngakhale chinkawapendeketsa, ndipo anatsogola. A Zelipa anamupatsa Yotamu kaphukusi ka buledi wofewa, wochotsa m'mbali molimba. Anamugwira tsaya lomwe silinatupe. Anaima pazenera mpaka awiriwo anakhota pakona.

Pobwerera kukhitchini kukatsuka makapu, anapeza kapepala kopindidwa pasosala ya Yotamu. Nthawi ino panalibe mawu olembedwa. Anakatsegula, anapeza dzino lachisanu lija, n'kutuluka nalo panja atangofunda juzi. Denga linali loyera ndi chipale, ndipo utsi wa mafakitale unkadutsa pamwamba pake. Anaima pamenepo mpaka mapazi anayamba kuwawa.

Kenaka analowa, anatsegula kabotolo kaja, n'kuponyamo dzinolo. Linalira pogunda anzake. Anatseka, anabweza kabotoloko pansi pa nsalu m'dirowa, navala chikhoti kuti akapeze basi ya kuntchito, kumene nkhalamba zinali kudikira phala.