Magazi pa Malaya a Telala

Aphunzitsi anapita ku nyumba yosungira zakale kukafuna chinthu chimodzi basi: umboni woti akamutseke nawo pakamwa mwana wawo wamkazi. Mtsikanayo anali atakondana ndi chidzukulu cha Telala, chonsecho kwawo aliyense ankadziwa kuti malemu Telala ndi amene anabaya agogo awo aamuna a Aphunzitsi pageti la fakitale. Anthu anamuona tsikulo malaya ali magazi okhaokha. Chiyambire pamenepo mabanja awiriwa ngakhale moni sankapatsana.

"Ukakwatiwa kumeneko undiyese wakufa," anatero Aphunzitsi. Mtsikanayo anabweza mphete, koma anasiya funso limodzi: "Amayi, inuyo munaona?"

Funso limeneli ndi lomwe linawakhazika pabenchi lolimba, kalaliki akuwayalira nyuzipepala zakalekale zonunkha fumbi.

"Chonde mayi, musanyambite chala potsegula," anatero kalalikiyo. "Si makope a ana asukulu awa."

Anatsegula mwamatama, poti munthu wozolowera kuchonga anzake sayembekezera kulakwa. Kenaka anachipeza chithunzi. Telala, mnyamata wowonda, anali atabereka agogo awo kumsana, akuthamangira nawo kuchipatala wopanda nsapato. Magazi aja anachokera pamenepo. M'munsi mwake munalembedwa kuti wobayayo anali mlamu wake wa womwalirayo, atakangana za njinga, ndipo khoti linamutsekera.

Mlamu ameneyo Aphunzitsi ankamudziwa bwino. Anali malume wa amayi awo, uja banja linkati anapita kukagwira ntchito kutali, n'kubwerako kudzalera ana amasiye. Chithunzi chake chinali pabalaza pawo, ndipo ankachipukuta okha Loweruka lililonse. Manyazi anawagwira, mpaka anaphimba tsambalo ndi dzanja ngati kalaliki angawazindikire.

Sanapite kunyumba. Analunjika kukashopu ka banja la Telala kamene moyo wawo wonse ankawoloka msewu kukapewa. Mwana wamkazi wa Telala, tsopano gogo wa magalasi okhuthala, anali pamakina, nsalu yoyera ili pamiyendo.

"Amayi, ndawerenga," anatero Aphunzitsi. "Bambo anu sanaphe munthu."

"Ife timadziwa, mwanangu," anayankha gogoyo osadzutsa mutu. "Bambo ankati tisawauze ana a malemuwo, atsala ndi malume mmodzi yemweyo wowadyetsa. Kutukwanidwa sikupha, ankatero."

"Nanga mdzukulu wanu ali kuti? Ndimupepese."

"Anasamuka. Akuti sangamadutse pakhomo panu tsiku ndi tsiku ngati chigawenga. Sanatiuze kumene wapita."

Apo m'pamene Aphunzitsi anaona chimene gogoyo ankachita. Sankasoka. Anali ndi lezala m'manja, akumasula msoko wa diresi laukwati limene anayamba kusokera mwana wa Aphunzitsiwo, ulusi ukugwera pansi.

Aphunzitsi anagwada pasimenti n'kuyamba kutola ulusiwo, umodziumodzi. Gogoyo sanawaletse.