Makalata a Wansembe wa ku Lac Perdrix

Pulofesa Wendell Kostiuk ankasenda mbatata pamene foni inalira. Anali Gerald Hruby, mnzake amene anaphunzitsa naye mbiri yakale pa yunivesite zaka makumi atatu.

"Mkulu, khalani pansi kaye. Anyamata okumba zakale pa mudzi wa Lac Perdrix aja atulutsa lipoti. Manda a nthomba kulibe. Apeza makala okhaokha, nyumba iliyonse inapsa."

Wendell anaika mpeni pansi. Buku lake lotchuka linkati anthu a mudzi umenewo anatha ndi nthomba, otsala n'kuchoka okha. Ophunzira analiloweza, n'kupezera nalo madigiri, kenako ntchito, n'kumakaphunzitsa ena zomwezo.

"Ndiye kuti Noreen ankanena zoona," anatero.

"Aa, mwayamba kulapa wansembe asanafike? Tingolemba kuti umboni sunakwane, basi. Theka la aphunzitsi pano munawaumba ndinu. Mukagwa inu tigwa tonse, ndipo ine mawondo anatha kale."

Noreen Lavallee anali wophunzira wa Wendell kalelo. Anapeza makalata a wansembe wina onena kuti mudziwo unatenthedwa ndi anthu ofuna malo. Analemba nkhani n'kuitumiza ku magazini ya akatswiri. Kumeneko nkhani imayamba yawerengedwa ndi katswiri wobisidwa dzina, ndipo iyeyo ndiye amanena ngati isindikizidwe. Inagwera m'manja mwa Wendell. Anaikana ndi mizere itatu: wansembeyo anali wokalamba, wolembayo ndi mdzukulu wa anthu a m'mudzimo, chifundo chamuphimba m'maso. Makalatawo sanawawerenge mpaka kumapeto. Ankaopa zimene akanapezamo.

Nkhaniyo itakanidwa, palibe yunivesite imene inamulemba ntchito Noreen. Tsopano ankayendetsa basi ya ana asukulu ndipo ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwa Wendell. Chimwalirireni mkazi wa Wendell, Noreen ankabwera ndi fosholo kudzachotsa chipale chofewa pakhomo pake, osagogoda, osadikira zikomo.

M'mawa umenewo analinso panja. Fosholo inkamveka, khwee, khwee.

"Mukundimva, mkulu?" Gerald anafunsa. "Ndani akudziwa kuti nkhani ya Noreen ija munaikana ndinu? Palibe."

Wendell anadula foni. Anayesa kupemphera monga ankachitira asanadye, koma mawu anakana. Anatsegula chitseko.

"Abambo Kostiuk!" Noreen anaseka. "Mwatuluka ndi masokosi m'kuzizira kuno? Mukufuna ndikuwoleni ndi fosholo inunso?"

"Okumba aja apeza makala ku Lac Perdrix. Munkanena zoona."

"Ndinamva dzulo. Lowani m'nyumba, mudwala."

"Amene anakana nkhani yanu ija ndine."

Fosholo inaima. Noreen anamuyang'ana nthawi yaitali, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwake. Kenako anayang'ana njira imene anali atangoipala, yoyera bwino mpaka kumsewu.

"Munandithandiza kulemba kalata yodandaula ku magazini ija," anatero pang'onopang'ono. "Patebulo panu. Munandiphikira tiyi."

"Inde."

"Mayi anga anamwalira akuganiza kuti ndinalephera chifukwa cha umbuli. Ankabisa nkhope kutchalitchi."

Mapazi a Wendell anali atachita dzanzi. Anadziwa kuti mawa alembera magaziniyo zonse, dzina lake lili poyera, ndipo anadziwanso kuti zimenezo sizibweza chaka ngakhale chimodzi. Noreen anayamba kutembenuka, fosholo ili paphewa.

"Noreen," anaitana mokweza, mpaka mayi wina woyenda ndi galu kutsidya kwa msewu anacheuka. "Ndinakulakwirani, inu ndi mayi anu ndi anthu anu onse amene anapsa. Ndikhululukireni."