Bufeni wa ku Limbe

Ndinakumana nawo m'sitima ya m'mawa yochokera ku Dublin yodzera ku Skerries, mvula ikuwaza. Anali mayi wa imvi m'mbali, atavala yunifomu ya osamalira okalamba. Nditamva akubuula kuti "mayo, msana wanga," ndinasendera pafupi.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ii, wakwathu! Kudzuka ndadzuka, achimwene, koma msanawu wakana."

Dzina lawo anati ndi Dyness. Zaka khumi ndi ziwiri akhala akunyamula nkhalamba za Aairishi, kuzitembenuza, kuzisambitsa. Kuyambira ali mtsikana, mapilitsi awiri a bufeni ankawathetsera chilichonse: kumwezi, dzino, ngakhale kupweteka kwa pambuyo pobereka. Chaka chatha bufeniyo anasiya kugwira.

"Ndinati mankhwala a kuno ngofooka, anapangira azungu. Ndiye mlamu wanga Vera akuchokera kumudzi anandibweretsera wa ku Limbe, paketi yonse, atakulunga m'chitenje pamodzi ndi usipa."

"Anagwira?"

Anaseka pang'ono.

"Kununkha usipa kokha. Ndinayamba kumwa four, kenako six. M'mimba munayamba kuwotcha ngati ndameza khala."

Dokotala wawo, kamtsikana kausinkhu wa mwana wawo, anawauza kuti mapilitsi a ku Limbe ndi a ku Dublin ndi amodzi. Chasintha ndi thupi. Mayi akakula, anatero, mankhwala omwewo salandiridwa monga kale, ndipo kuwonjezera kumangokanda m'mimba ndi kutopetsa impso. Anawaletsa.

"Ndiye ndinamufunsa, nanga ndinyamule bwanji anthu? Akuti, mayi, pumani. Kupuma! Manijala wanena kuti ndikajombanso shifiti imodzi, aika wina."

Anatsegula chikwama n'kundionetsa paketi ija. Inali itatsala theka. Lero sanamwe, anati akufuna aone ngati msana ungayende wokha.

Nyanja inaonekera, yotuwa. Sitima inaima pa Skerries, pomwe iwo amatsikira popita kuntchito. Mayi Dyness anagwira mpando wakutsogolo, n'kudzikoka. Ananyamuka pang'ono, nkhope inakwinyika, anagweranso pampando. Ndinawagwira mkono.

"Tiyeni, achemwali, tsamirani ine."

"Dikirani kaye. Dikirani."

Tinadikira. Zitseko zinalira n'kutsekeka. Pulatifomu inayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo mtsikana wina wa yunifomu yonga yawo anali akuthamanga kukwera masitepe.

Foni yawo inalira m'chikwama, pambali pa mapilitsi aja. Anayang'ana, n'kuona dzina la manijala, n'kuitembenuza chafufumimba pamwendo.