Pepani Ameneyu ndi Uti?

Pakhoti paja panalibe amene ankawaitana dzina lawo lenileni. Kuyambira kalaliki mpaka mayi wokolopa, onse ankangoti a Lilime, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ntchito yawo inali imodzi yomweyo: kuima pakati pa woweruza ndi anthu, kutembenuza Chingerezi cha malamulo kuti chikhale Chichewa, ndi Chichewa cha anthu amantha kuti chikhale Chingerezi. Ankainyadira ntchitoyo, osati pang'ono. Koma Lachinayi limeneli, pamene basi ya ana asukulu inkaima pageti, a Lilime anali pabenchi ya pakhonde, tiyi atazizira m'kapu, mtima ukuwadya.

Chinkawadyacho chinali liwu limodzi lokha. Masabata atatu m'mbuyomo kunali mlandu wa bambo wina wowotcherera zitsulo, amene ankamunena kuti moto wa makina ake ndi umene unatentha shopu ya telala woyandikana naye. Bamboyo anaukana mlanduwo kuyambira tsiku loyamba, ndipo analibe loya. Mayi telala uja atalowa m'bokosi la mboni n'kuyamba kutchula makina ake awiri osokera ndi nsalu za eni ake zimene zinapsa, analira mpaka kulephera kuyankhula. Wowotchererayo, munthu woleredwa bwino, anaimirira m'kabokosi kake n'kunena kuti, "Pepani, mayi. Pepani kwambiri."

Woweruza, mayi wochokera kutali amene Chichewa chake chinkathera pa moni, anafunsa kuti munthuyo wati chiyani. Nthawi ya nkhomaliro inali itapitirira kale, njala ikuluma, mlandu uli wachisanu ndi chiwiri tsiku limenelo. A Lilime anangoponya m'Chingerezi kuti woimbidwa mlandu akupepesa chifukwa cha zimene anachita. Cholembera cha woweruza chinayenda. Wapolisi woimira boma pa mlanduwo, amene Chichewa anachita kuyamwira, anangoyang'ana pansi, ndipo potseka umboni wake anabwereza mawuwo katatu konse. Chigamulo chinali choti chiwerengedwa Lachinayi lomweli, thuu koloko masana.

Kulakwa kwawo a Lilime anakuzindikira tsiku lomwelo, ali pamzere wodikira basi. Nanga ndani sadziwa kuti pepani timamunena ngakhale kwa munthu amene wapunthwa yekha pamwala? Mumtima anati akanena mawa. Mawalo litafika anaona nkhope ya woweruza, anakumbukira kuti kwatsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito ndi mbiri yopanda banga, ndipo anati akanena tsiku lina. Choipitsitsa n'chakuti nthawi iliyonse apolisi akamamudutsitsa pakhonde, wowotchererayo ankawaweramira a Lilime n'kuwathokoza kuti akumuyankhulira bwino. Ha, manyazi ake!

Kalaliki anabwera kudzawagwedeza paphewa kuti alendo afika. Anali ana a fomu folo oposa makumi atatu pamodzi ndi aphunzitsi awo, atabwera kudzaona mmene khoti limayendera, ndipo woweruza anali atalamula kuti awayendetse ndi a Lilime, poti ndiwo odziwa kuyankhula. Anawalowetsa m'chipinda chozengera milandu, mmene munkanunkha polishi ndi mapepala akale. Anawaonetsa mpando wautali wa woweruza ndi chitseko chake cha kumbuyo, n'kuwauza kuti chikangotseguka aliyense amaimirira, kaya ndi nduna kaya ndi wogulitsa makala. Anawaonetsa tebulo la kalaliki wosunga mafayilo, mbali imene amakhala woimira boma ndi mbali ya loya wa woimbidwa mlandu, komanso bokosi limene mboni imalumbiriramo kuti inena zoona zokhazokha. Mnyamata wina wamtali, wooneka kuti ndiye wanthabwala wa kalasilo, anafunsa kuti nyundo ija amamenyera patebulo m'mafilimu ili kuti. A Lilime anamuyankha kuti nyundo akaifunse kwa akalipentala, kuno amagwiritsa ntchito cholembera, ndipo cholemberacho chimapweteka kuposa nyundo. Ana anaseka, koma a Lilime eni nthabwalayo sanaseke.

Atafika pa kabokosi ka woimbidwa mlandu anawauza kuti munthu woima mmenemo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo wofunika kutsimikizira mlandu ndi boma, osati iyeyo. Mtsikana wina wa magalasi, amene ankalemba chilichonse m'kope, anafunsa kuti nanga ntchito yawoyo lamulo lake n'lotani. A Lilime anayankha monga ankayankhira zaka zonse, kuti womasulira sawonjezera, sachotsera, ndipo akakayika amafunsa mwini mawu.

Kenako aphunzitsi anapempha kuti ana achite mlandu wongoyeserera, wa zenera la kalasi limene linasweka. Mnyamata wanthabwala uja anathamangira yekha m'kabokosi. Wina anakhala woweruza, wina loya, mtsikana wina wodandaula, ndipo wa magalasi uja anasankha kuima pamalo pa a Lilime. Zinkayenda bwino mpaka wodandaulayo atayamba kulira kwabodza kuti mphepo ya pazenerapo yamudwalitsa chimfine. Mnyamata uja anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Pepanitu, achemwali."

Mtsikana wa magalasi anatsegula pakamwa kuti amasulire, kenako anaima. Anatembenukira kwa a Lilime.

"Bambo, pepani ameneyu ndi uti? Wa pamaliro kapena wa munthu wolakwa? M'Chingerezitu ndi mawu osiyana."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. A Lilime anagwira m'mphepete mwa tebulo la kalaliki. Mwana wa dzulodzuloyu, amene khoti waliona lero, wachita chimene iwo analephera ndi imvi zawo zonse. Anamuuza motsitsa mawu kuti atsatire lamulo lija walemba m'kope. Mtsikanayo anafunsa mwini mawu, ndipo mnyamatayo anati amangomumvera chisoni mnzakeyo, koma zenera sanaswe ndi iye. Woweruza wabodzayo anamumasula pomwepo, anzake n'kuwomba m'manja.

Nkhomaliro a Lilime sanadye. Anakhala m'kaofesi kawo kuyang'ana khoma, kudzinamiza kuti mwina woweruza sanawaganizire kwambiri mawu aja, mwina umboni wina ndi wokwanira pawokha. Koma umboni wina uti? Palibe mboni imene inaona moto ukuyamba. Iwo eni ankadziwa bwino kuti chogwirika m'fayilo muja chinali pepani yekhayo, ndipo amene anamuveka tanthauzo ndi iwo.

Thuu koloko ana aja anakhala pa mabenchi a kumbuyo kuti aone chigamulo chenicheni, aphunzitsi atawaopseza kuti wotsokomola akatsokomolere panja. Kutsogolo kunali mkazi wa wowotchererayo, atafumbata kachikwama pamiyendo. Apolisi anamubweretsa mwamuna wake atawonda, zipsera za moto wa ntchito yake zikuoneka m'manja, ndipo podutsa anawaweramiranso a Lilime. Chitseko cha kumbuyo chinatseguka, onse anaimirira. Woweruza anakhala pansi, anatsegula fayilo, anakonza magalasi.

A Lilime sanakhale pansi. Womasulira alibe mawu akeake m'khoti, zimenezi anali atawauza ana m'mawa womwewo, koma anapempha chilolezo choti ayankhule. Anafotokoza m'Chingerezi tsiku lake, liwu lake, ndi zimene iwo anawonjezera. Ananenanso kuti anadziwa kulakwako tsiku lomwelo, ndipo akhala chete masabata atatu. Woimira boma anayamba kufufuza chinthu chosadziwika m'mapepala ake. Woweruza anatseka fayilo ija, n'kunena kuti chigamulo sachiwerenga lero, umboniwo aumvanso ndi womasulira wina, ndipo a Lilime akaonane nawo kuofesi khoti likatha. Kenako anawakumbutsa kuti woimbidwa mlandu ali ndi ufulu womva chilichonse chonenedwa m'khoti, ndipo womasulira amene alipo lero ndi iwowo.

Choncho a Lilime anatembenukira ku kabokosi kaja, n'kumasulira kulakwa kwawo m'Chichewa, liwu ndi liwu, osawonjezera, osachotsera. Anaona nkhope ya wowotchererayo ikusintha pang'onopang'ono pamene ankamvetsa kuti munthu amene wakhala akumuweramira pakhonde ndiye anatsala pang'ono kumutsekeretsa. Sanakalipe ayi. Anangowayang'ana, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kutukwanidwa. Atamaliza, liwu lina linawapulumuka a Lilime.

"Pepani, bambo."

Woweruza anadzutsa mutu n'kufunsa kuti mawu omalizawo anena chiyani, poti ayenera kulembedwa. Kumbuyo kuja mtsikana wa magalasi anali atasiya kulemba. A Lilime anayankha m'Chingerezi ndi mawu omwe aja anamuveka wowotchererayo masabata atatu apitawo, kuti womasulira akupepesa chifukwa cha zimene anachita. Ulendo uno anamasulira molondola, ndipo cholembera cha woweruza chinayenda.