Nyimbo za Bambo Zinali mu Bini

Achimwene ake a Mzime pabanja ankatchedwa Zatheka, chifukwa sanaonepo chinthu n'kuchisiya mmene chinalili. Akabwera kudzacheza, mpopi wabwinobwino ankaumanga mpaka uyambe kudontha. Ulendo uno maso awo anagwera pa laputopu ya bambo.

Laputopuyo inali nkhalamba ndithu. Ukaiyatsa umatha kukatereka madzi n'kubwerako isanadzuke, ndipo inkalira ngati firiji. Koma bambo sankadandaula. Chiwagwirireni sitiroko imene inawalanda mawu ndi dzanja lamanja, madzulo alionse Mzime ankawayatsira makinawo patebulo la pawindo, iwo n'kumamvera nyimbo zimene anapeka ali mphunzitsi wa kwaya, zojambulidwa ndi mawu awo omwe. Mawu amenewo kunalibe kwina kulikonse.

Tsiku limenelo Mzime atabwera ku ntchito anapeza achimwene atakhala pamalo pa bambo, laputopu ili patsogolo, akumwetulira ngati apambana mpikisano.

"Bwera udzaone, iwe. Ndinaipititsa kwa wokonza. Waonjezera ramu kuti isamaganize nthawi yaitali, wachotsa disiki yakale ija n'kuikamo yatsopano. Tsopano ikuuluka."

"Nanga zinthu za bambo?" anafunsa Mzime.

"Zonse takopera. Zithunzi, makalata, zonse."

"Za mu bini munakopera?"

Achimwene anaseka mpaka kugwira pamimba. "Zinyalala? Ndiye tikasamuka nyumba tizinyamula ndi dzala lomwe?"

Apa mpamene panali nkhani. Kale bambo ataphunzira kompyuta, anaona kachithunzi ka bini pakona, kooneka ngati kadengu, n'kuganiza kuti ndimo mosungira zinthu zofunika. Nyimbo iliyonse ankaikokera mmenemo. Akafuna kumvera ankaitulutsa, akatha n'kuibwezeramo mosamala. Mzime anayesapo kuwaletsa, iwo n'kumuuza kuti pamenepo mpokhapo sasochera. Aliyense wokhala m'nyumbamo ankadziwa kuti bini ya bambo siikhuthulidwa. Koma kuti udziwe zimenezo umafunika kukhalamo, kapena kungofunsa, ndipo kufunsa ndi ntchito imene a Zatheka sanaigwirepo chibadwire.

Mzime sanavule n'komwe nsapato. Anathamangira kwa wokonzayo, m'kachipinda kothina kodzaza ndi mitembo ya makompyuta mpaka kudenga. Anamupeza atawerama pa laputopu ina yotsegulidwa kumimba, timasikulu toimangira ataika m'chivundikiro cha botolo.

"Bambo, disiki imene mwachotsa m'laputopu yakuda ija m'mawa ili kuti?"

Wokonzayo anatsegula dirowa n'kumupatsa kachitsulo konga sopo wosambira. Kanali ndi mabowo opyoza mbali zonse.

"Pano disiki yakale timaiboola ndi dirilo mwini wake akuona, kuti pasapezeke wina wokawerenga zinsinsi zake. Ndinawafunsa bambo amene anaibweretsa aja ngati mwatsala kanthu. Anati zonse zatheka."

"Palibe chimene mungachite?"

"Mayi, ikanakhala yongofufutidwa tikanayesa. Iyi ayi."

Mzime anakwiya moti pobwerera sanaone n'komwe anthu amene ankamupatsa moni. Sanakwiyire wokonzayo, amene anangogwira ntchito yake. Anakwiyira munthu wobwera mwa apo ndi apo ndi maswiti m'thumba, amene sanawasambitsepo bambo, sanawametepo ndevu, koma waona kuti vuto lalikulu m'nyumba muno ndi kompyuta yochedwa kuyaka.

Atafika anaponya kachitsuloko patebulo.

"Achimwene, mawu a bambo ndi awo. Mwawaboola."

"Usandiyankhule choncho, ndine mkulu wako. Ine ndimafuna kuthandiza. Munthu wanzeru zake amasunga chinthu mu bini?"

"Munthu wanzeru zake amatenga chinthu cha bambo ake osafunsa? Foni yanga muli nayo. Ngakhale bambo omwewo mukanawafunsa, kugwedeza mutu amatha."

"Ndiye iweyo zaka zonsezi osazikopera pena bwanji?"

Funso limenelo linamubaya Mzime, poti linali ndi choona chake, ndipo linangoonjezera ukali. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma kukhonde kunamveka ndodo. Bambo anali atadzuka, nthawi yawo ya nyimbo itakwana.

Analowa pang'onopang'ono akukoka mwendo, achimwene n'kuwapatsa mpando mwachangu. Bambo anadina batani ndi dzanja lamanzere, n'kutsamira kumbuyo kuti adikire monga mwa masiku onse. Asanakhazikike n'komwe, laputopu inali itayaka kale.

"Mwaona, bambo?" anatero achimwene, koma mawu awo anali atachepa.

Bambo anayendetsa kamuvi mpaka pakona paja, n'kutsegula kadengu kawo. Kanatseguka nthawi yomweyo, koyera mbee. Anakatseka, n'kukatsegulanso. Anakatsekanso. Kenaka anatembenukira kwa Mzime, milomo ikuyenda popanda chotuluka, akumufunsa ndi maso.

Mzime anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi bambo.

"Khalani apa, achimwene," anatero. "Inu mawu muli nawo. Auzeni."