Chimbale Chimene Chinapita Kumudzi

Dorica anali atasita mayunifomu awiri, atatu akudikira pampando, pamene Thandi analowa m'khitchini osapereka ndi moni womwe. Chikwama cha kusukulu chinali chikadali kumsana, kalata ili m'manja.

"Amayi, munatumiza chiyani?"

Mwanayu anabwera ku Leicester ali ndi zaka zinayi. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Akayamba yekha Chichewa ndiye kuti zinthu zavuta. Dorica anaimika simbi.

"Kutumiza kuti? Ndipo ine si mnzako woti uzingondilowera choncho."

"Ku koleji. Akuti chimbale chimene alandira si chimene anapempha. Akuti tsiku lomaliza linadutsa, ndikayesenso chaka chamawa."

Nkhani yake inali yotere. Thandi ankafuna malo ku koleji ya nyimbo, ndipo kumeneko mafomu okha sakwana. Amafunanso chimbale choti amve mwana akuliza yekha chida chake. Chida cha Thandi ndi vayolini. Loweruka katatu konse anapita kusukulu kukajambula ndi aphunzitsi ake, Mayi Kaniz, mpaka chinatuluka chimbale chimodzi chopanda ndi chithunzi chomwe, dzina lolembedwa pamanja. Anachiika mu envulopu n'kupatsa amake kuti akaponye popita ku shifiti, poti positi ofesi ya ku Beaumont Leys ili pafupi ndi pokwerera basi.

Sabata yomweyo alamu a Dorica, a Jameson a ku Corby, ankanyamuka kupita ku Lilongwe. Munthu akamapita kumudzi sumusiya apite wopanda kanthu kako. Azakhali a Thandi a ku Area 25 anali atatopetsa pa foni kuti akufuna kumva zimene mwana wa achimwene awo amaimba ku Mangalande.

Dorica anakhala pansi ndi envulopu ija n'kuganiza. Vayolini ankaimva tsiku ndi tsiku kudzera kukhoma, faifi koloko ikangokwana, nthawi imene iye amafuna kutsinzinako asanapite kukasamalira okalamba. Nyimbo yopanda mawu, yopanda ng'oma, malo amodzimodzi kubwereza kakhumi. Ndani angapatse mwana malo chifukwa cha kulira kumeneko? M'dilowa munali chimbale cha kwaya ya kutchalitchi kwawo ku Highfields, chojambulidwa bwino, chithunzi chili pamwamba, Thandi ali mzere wachiwiri atavala bulauzi yoyera. Chimenecho ndiye chinali choonetsa anthu. Anasinthanitsa, n'kumata envulopu ndi selotepi.

"Ndinatumiza cha kwaya," anatero Dorica. "Chabwinocho."

Thandi anayang'ananso kalata ija. Kenaka anati, "Muli anthu makumi awiri ndi anayi m'menemo. Akadziwa bwanji kuti ine ndi uti?"

"Ndinazunguliza nkhope yako ndi bolopeni. Alibe maso azunguwo?"

"Mulibe vayolini m'menemo, Amayi!"

"Muli Mulungu. Usandikalipire m'nyumba mwanga muno."

Mtsikanayo anayamba kulankhula Chingerezi chothamanga, misozi ikutsika, kutchula Mayi Kaniz, kutchula zaka zisanu ndi ziwiri zimene wakhala akuphunzira. Dorica anamva zonse, koma msana unkamuwawa, ndipo basi inali yoti ifike pakangotha ola limodzi.

"Watha? Ine dzulo ndanyamula nkhalamba zisanu ndi imodzi, kuzisambitsa, kuzipukuta, ina kundilavulira phala kumaso. Iwe ukulira chifukwa cha kachimbale? Mwana wa anzanga a Mutinta wayamba unesi chaka chino. Akamaliza ntchito ikumudikira pakhomo. Vayolini yakoyo adzakulemba ntchito ndani? Udzaima panja pa shopu ndi chipewa pansi?"

Thandi anapukuta nkhope ndi mkono wa juzi. Anabwerera ku Chichewa, pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pa galasi losweka.

"Changa chili kuti?"

"Chinapita ndi a Jameson. Chili kwa azakhali."

"Anamvera?"

Apa Dorica akanatha kungoti eya, n'kusiyira pomwepo. Anadziwa bwino zimenezo. Koma mwanayu anali atamuyang'ana ngati akuyang'ana wakuba, m'khitchini yake yomwe, ndipo mumtima munabwera chinthu chouma.

"Anamvera, inde. Anaika pa wayilesi anthu atadzaza pakhonde. Akuti anaseka mpaka misozi. Azakhali ako akuti ankaona ngati wina akutsegula chitseko chosowa mafuta. Sanafike nacho ndi pakati pomwe. Pano ana anachimangirira kumbuyo kwa njinga kuti chizinyezimira magalimoto akamabwera. Bola kumeneko chikugwira ntchito."

Simbi inkachita kutulutsa nthunzi payokha.

"Nanga inu?" anafunsa Thandi. "Munamverako musanachipereke?"

Dorica anayang'ana yunifomu imene inali pa thabwa. Sanamvereko. Anangochitulutsa mu envulopu n'kuchilowetsa m'jumbo momwe munali mafuta odzola ndi masokosi a kumudzi.

"Ndimvere nthawi yanji? Pa basi? Ndimakumva tsiku lililonse kukhomaku, sizikukwana?"

Thandi anaika kalata ija pamwamba pa yunifomu, n'kuisalaza ndi dzanja ngati kuti nayonso ikufunika kusita. Anatuluka. Dorica anamva mapazi pa masitepe, kenaka chitseko chikutsekedwa bwinobwino, osamenyetsa. Akanamenyetsa bwenzi Dorica atapeza pomukalipira.

Faifi koloko inakwana. Dorica anadzipeza akutchera khutu kukhoma. Kunalibe kanthu. Galimoto inadutsa panja, ana a nyumba yoyandikana ankakangana za mpira, koma m'chipinda cha pamwamba munali chete. Zaka zonsezi wakhala akupempha chete ameneyu.

"Mtima wake ukhala pansi," anadziuza yekha. "Mawa adzadzuka ndi njala ngati wina aliyense."

Anachotsa kalata ija n'kuiponya pamwamba pa firiji, pomwe amaika mapepala osafunika msanga. Anatenga simbi, kulavulira pang'ono kuti aone ngati ikadali yotentha, n'kuyamba kolala ya yunifomu yachitatu. Mzere unakana kuwongoka. Anabwerezanso, akukanikiza kwambiri, awiri aja akadali pampando.